Zigamba za Lachiwiri

Chaka chimene Fulajensiyo anatisiya
ku Bembeke kunagwa nkhungu yosachoka.
Anthu ankati ndi Juni chabe,
koma ine ndinkaiona mpaka Okutobala,
ili pamphasa, ili m'kapu ya tiyi,
yotuwa ngati phulusa lothiridwa madzi.

Zakuda ndinavula pa tsiku lake,
alamu anga ali chilili pabwalo
kuwerenga malata ndi maso.
Poti ndinali wachitengwa,
njinga inapita, wailesi inapita,
dimba linapita kachewere ali m'nthaka.
Koma chakuda china chinakana kuvulika.
Chinali mkati, kumene sopo safika.

Ndinkagona dzuwa lili paliwombo.
Yasinta, wa zaka khumi,
ankasonkha moto yekha n'kupita kusukulu osasamba.
Ena ankati ndi ulesi.
Ena ankati ndachepa pemphero.

Lachiwiri lina kuchipatala,
anamwino a Nachisale anatikhazika kuseri kwa sikelo,
amayi asanu ndi awiri oyang'ana pansi.
Sanafunse kuti muli bwanji.
Funso limenelo ndinali nditaliyankha kambirimbiri:
ndili bwino, kaya inu.
Anangokhuthula thumba la zidutswa
zotola kwa telala wa pakhonde ku Dedza boma,
nati, "Aliyense atole kofanana ndi m'mawa wake."

Ine ndinatola kotuwa.

Dorofe, wa dzino losweka ndi chibakera,
anatola kofiira.
"Si chikondi ayi," anatero.
"Ndi tomato wanga pa Lizulu
lole itamuponda, anthu n'kumaseka."
Elube, khanda kumsana, mwiniwake akadali mwana,
anatola koyera n'kuyamba kulira.
Tinkayesa koyera ndi mtendere.
Kwa iye linali tsamba la kope
limene sadzalembaponso dzina lake.

A Nachisale anati mabuku amanena
kuti kamtambo kamaziziritsa mtima,
chikasu chimadzutsa wogona.
"Koma buku silinagonepo m'nyumba mwanu.
Nsalu si mankhwala.
Mankhwala ali pawindo apo, ena ndi kulankhulaku.
Nsalu ingokubwerekani pakamwa
tsiku limene lilime lalemera."

Malachiwiri asanu ndi awiri, kotuwa kokhakokha.
Ndinkasoka kotuwa pa kotuwa
mpaka Dorofe anati ndikusoka mwala wa mphero.
Ndinaseka. Ndinadzidzimuka nako kusekako,
ngati munthu womva nkhuku ikulira
m'khola limene anati zinatha ndi chitopa.

Lachisanu ndi chitatu
dzanja linapita lokha pa chikasu.
Sikuti ndinali wokondwa.
Kungoti m'mawa ndikutaya phulusa kudzala
ndinaona dzungu lomera lokha,
lopanda wolidzala, lopanda wolipalira,
litatulutsa duwa limodzi
pakati pa zigoba za mazira ndi batire lakufa.
Ndinaimapo nthawi, lichero lili m'manja.

Kansaluko ndinakabisa pansi pa ntchafu.
Mkazi wamasiye ndi chikasu,
anthu adzati waiwala msanga.
Dorofe anaona.
Sananene kanthu, anangondipatsira singano
ulusi atalowetsa kale.

Lero nsaluyo yakula, amafunda Yasinta.
Sindinama, kotuwa ndiye kambiri.
Nkhungu ija imabwerabe osaodira,
dzulo lomweli ndatolanso kotuwa.
Koma kanagwera pambali pa kobiriwira ka Elube,
yemwe tsopano amasiya mwana kwa ine
n'kuthamangira ku Fomu 2 masana,
ndipo ziwirizo pamodzi zinaoneka
ngati thanthwe la phiri la Dedza mu Januwale,
udzu utatulukira mumng'alu.

Usiku mphepo ikamaloza m'mafupa
Yasinta amaitembenuza nsaluyo mumdima,
kufufuza ndi zala msoko wokhotakhota uja.
Ndikamufunsa chimene akufuna
amati, "Gonani amayi.
Ndikufuna chikasu chikhale kumutu."